Kodi Luso la Cithunzi Liri Pojambula Kapena Pokonza?

Masiku ano palibe ukwati, ubatizo kapena msonkhano wa alimi umene umatha popanda wina kutulutsa lamya ya m'manja ndi kujambula zithunzi. Nchito imene kale inali ya munthu mmodzi m'dera lonse la mfumu, tsopano iri m'manja mwa mwana wa sukulu ali yense amene wabwereka foni ya atate ake. Koma pamodzi ndi makina amenewa pabweranso mau amene timawamva kawiri-kawiri pakamwa pa ojambula, akuti, "Musadandaule, ndidzacikonza pambuyo pake."

Mau amenewa autsa mkangano pakati pa akatswiri a zithunzi m'maiko ambiri. Ena akuti cithunzi ciyenera kutuluka m'kamera ciri cabwino kale, ndipo munthu wodalira kompyuta ndi mlesi. Ena akuti kujambula ndi theka cabe la nchito, theka linalo liri pokonza. Mkanganowu ukukhudza ife tonse, pakuti zithunzi zimene tikujambula lero ndizo zimene adzukulu athu adzatidziwira nazo, ndiponso zina mwa izo timazitumiza kwa anthu amene amazikhulupirira monga umboni.

Awerengi athu acikulire akukumbukira wojambula uja woyenda pa njinga mudzi ndi mudzi. Filimu yake inali kulowa zithunzi 12, 24 kapena 36 basi, ndipo ciri conse cinali ndalama. Filimu ikadzaza anali kupita nayo ku tauni kukatsukitsa, eni zithunzi nadikira masabata. Popeza colakwa cinali kudziwika nchito itatha kale, munthu uja sanali kufulumira. Anali kukusunthani kucoka pa dzuwa, kuongola kolala ya malaya anu, kucotsa mtondo umene unali kumbuyo kwanu, ndipo pokhapo ndi pamene anali kudina.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1975, pamene Steven Sasson, wanchito wa kampani ya Kodak ku America, anapanga kamera yosafuna filimu. Inali yolemera makilogalamu 3.6, inali kujambula zakuda ndi zoyera zokha, ndipo inali kutenga masekondi 23 kuti isunge cithunzi cimodzi pa kaseti. Mu 1990 kampani ya Adobe inayamba kugulitsa Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, imene inalembedwa ndi Thomas Knoll ndi mbale wake John. Lero zambiri zimene pulogalamuyo inali kucita zimapezeka m'foni wamba, ndipo cala cimodzi cikhoza kuwalitsa nkhope, kusintha mtundu wa thambo kapena kufafaniza munthu.

KUKONZA SI KWACILENDO

Tisaganize kuti akale sanali kukonza zithunzi zao. Nkhani ya Ansel Adams, wojambula wochuka wa ku America, itithandiza kuona bwino. Pa 1 Novembala 1941, cakumadzulo, iye anali kudutsa pa galimoto pafupi ndi kamudzi ka Hernandez m'cigawo ca New Mexico. Anaona mwezi utakwera pamwamba pa mapiri, pamene dzuwa lolowa linali kuwalitsa mitanda yoyera ya kumanda a kamudziko. Anaimitsa galimoto naimika kamera yake yaikulu mofulumira, koma kacipangizo kake koyezera kuwala sanakapeze. Popeza anali kudziwa pamtima kukula kwa kuwala kwa mwezi, anawerengera m'mutu najambula. Pamene anali kukonzeka kujambula kaciwiri, dzuwa linali litacoka kale pa mitanda ija.

Kucokera pa filimu imodzi yomweyo Adams anatsuka zithunzi zoposa 1,000 m'zaka pafupi-fupi 40. M'cipinda cake camdima anali kudetsa mbali zina ndi kuwalitsa zina, kotero kuti m'zithunzi za m'zaka zake zotsiriza thambo ndi lakuda bii, kusiyana kwambiri ndi zoyamba zija. Okonda kukonza amaloza thambolo nanena kuti, "Onani, nayenso anali kukonza." Akunena zoona. Koma mwezi, mitanda ndi kuwala kwa dzuwa zinali pa filimu kale, ndipo zinafikapo cifukwa ca maso ake, nzeru zake ndi cangu cake pa kamphindi kamodzi. Akadacedwa pang'ono, zaka 40 za m'cipinda camdima sizikadabwezera kuwala pa mitanda.

ZIMENE KOMPYUTA SIINGABWEZE

Cithunzi ca m'foni cimapangidwa ndi timadontho tating'ono miyanda-miyanda. Kamera ya Sasson inali ndi timadontho 10,000, pamene foni ya lero iri ndi mamiliyoni. M'zithunzi zambiri za m'foni kadontho kali konse kamasunga kuwala kwake ndi nambala zoyambira pa 0 kulekeza pa 255. Nambala 0 ndiyo mdima weni-weni, 255 ndiyo kuyera kweni-kweni.

Tsono taganizirani za mkwatibwi wobvala zoyera amene waimikidwa pa dzuwa la masana. Kuwala kukaculuka, timadontho tonse ta pa cobvala cake timafika pa 255. Maluwa osokedwa pa nsalu, mikanda ndi makwinya zonse zimasanduka cigamba cimodzi coyera mbee. Mukayesa kucidetsa pambuyo pake, cigambaco cimangokhala cotuwa, koma maluwa aja sabwera ai, cifukwa kamera siinawasunge. Madzi akatayika saoleka. Makamera akulu-akulu amasunga zithunzi m'njira yochedwa RAW, imene iri ndi makwerero a kuwala 4,096 kapena 16,384 m'malo mwa 256, ndipo motero amapatsa wokonza mpata waukulu. Komabe ngakhale iwo ali ndi polekeza.

Kumbali ya mdima kulinso bvuto lake. Nkhope imene yajambulidwa dzuwa liri kumbuyo kwa munthu imatuluka yakuda, ndipo mukaiwalitsa mokakamiza imadzaza timaanga-maanga tonga mcenga. Bvutoli limatigwera kwambiri ife a khungu lakuda. Kwa zaka zambiri otsuka zithunzi anali kulinganiza mitundu poyang'ana khadi la Kodak lokhala ndi cithunzi ca mkazi wacizungu, ndipo filimu yomwe inapangidwa moganizira khungu loyera. Makampani ena, monga opanga foni za Tecno ndiponso Google mu 2021, akonza makamera ao kuti azionetsa bwino khungu lakuda, koma palibe foni imene ingapose kuimika munthu pamalo pamene kuwala kukugwera pa nkhope yake.

Comweconso dzanja likagwedezeka, kapena mutu wa mkwati ukadulidwa, kapena wobvina akatsika kale pamene inu mukudina. Pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kapena wa Kulamba ku Mkaika palibe amene angabwereze gule cifukwa cakuti wojambula anali wosakonzeka.

Wina adzati foni zatsopano zimatha kuongola ngakhale cithunzi cosaoneka bwino. Tiyenera kumvetsa cimene zimacita. Mu 2023 munthu wina anaika pa kompyuta cithunzi ca mwezi cimene anacifafaniza dala, nacijambula ndi foni ya Samsung. Foniyo inatulutsa mwezi wokhala ndi maanga ooneka bwino amene pa kompyuta paja panalibe. Kampaniyo inafotokoza kuti foni zake zinaphunzitsidwa kuzindikira mwezi ndi kuonjezera kuoneka kwake. Ndiye kuti foni yotere imangoyerekeza zimene ziyenera kukhalapo. Pa mwezi zimenezi sizipweteka munthu. Koma ikayerekeza maso ndi makwinya a agogo anu amene anatisiya, mudzapacika pa khoma nkhope yosalala ya munthu amene sanakhalepo ndi moyo.

CITHUNZI NDI MBONI

Atolankhani anaika malire pa nkhani imeneyi, ndipo ena anataya nchito powalumpha. Mu 2003, pa nkhondo ya ku Iraq, Brian Walski wa nyuzipepa ya Los Angeles Times anajambula zithunzi ziwiri motsatana pafupi ndi mzinda wa Basra. Zonse zinali kuonetsa msilikali wa ku Britain ndi anthu wamba atakhala pansi, pakati pao pali bambo wonyamula mwana. M'cina msilikali ndiye anaoneka bwino, m'cinzake bambo uja. Walski anazilumikiza pa kompyuta kuti zikhale cimodzi, ndipo cinasindikizidwa pa tsamba loyamba. Posacedwa wina anaona kuti anthu ena akuoneka kawiri m'cithunzi comweco, ndipo Walski anacotsedwa nchito. Msilikali analipodi, bambo ndi mwana analiponso, koma kamphindi kamene cithunzico cinaonetsa sikanacitike.

Mu 2015 oweruza a mpikisano waukulu wa World Press Photo, umene likulu lake liri ku Amsterdam, anayerekeza zithunzi zimene zinatsala pang'ono kupambana ndi zoyamba zake zocokera m'kamera. Mwa zisanu ziri zonse, cimodzi anacicotsa pa mpikisano cifukwa ca kusinthidwa mopitirira. Ndipo mu Marichi 2024 makampani akulu-akulu ogawa nkhani, monga Associated Press ndi Reuters, anabweza cithunzi ca Catherine, mkazi wa Prince William wa ku Britain, ali ndi ana ake atatu, ataona kuti mkono wa cobvala ca mwana wamkazi sunalumikizike bwino. Tsiku lotsatira maiyo anapepesa, nabvomera kuti nthawi zina amakonza zithunzi zake.

Lamulo la atolankhani ndi losabvuta kumva. Nkololedwa kudula m'mphepete, kuwalitsa kapena kudetsa pang'ono, ndi kuongola mitundu kuti ifanane ndi zimene maso anaona. Koma kuikamo cinthu cimene panalibe, kapena kucotsamo cimene cinalipo, nkoletsedwa.

Lamulo limeneli ndi lothandizanso kumudzi kuno. Mlimi amene atumiza cithunzi ca cimanga cake codwala kwa mlangizi wa zaulimi asakometse mitundu, pakuti mlangizi amawerenga matenda pa mtundu wa tsamba. Masamba a m'munsi akayamba cikasu kucokera kunsonga kutsata msempha wa pakati, kawiri-kawiri cimanga cikusowa cakudya conga ca m'feteleza wa Urea. Masamba a cimanga cacing'ono akafiirira m'mphepete, kawiri-kawiri ndi cakudya ca m'feteleza wa pansi cimene capereweza. Foni ikabiriwitsa munda wonse, mlangizi adzapereka malangizo olakwika, ndipo wotaya ndalama ndi mlimi yemweyo. Wogulitsa ng'ombe pa WhatsApp amene abisa nthiti ndi zilonda za ciweto cake adzagulitsa kamodzi kokha, cifukwa wogula akafika pa khola adzakumbuka kuti cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Cithunzi ca pasipoti naco ciyenera kuonetsa nkhope monga iriri, ndi zipsera zake zomwe.

Palinso cizolowezi cimene cafala pakati pa acinyamata, ca kuyeretsa khungu m'zithunzi kufikira mai wobereka alephera kuzindikira mwana wake. Mafoni ambiri amacita zimenezi okha ngati mwini wake sanazimitse mbali yosalalitsa nkhope. Nkwabwino kuizimitsa pojambula zithunzi za banja.

TIJAMBULE BWANJI TSONO?

Coyamba, pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Foni imakhala m'thumba pamodzi ndi fumbi ndi thukuta, ndipo zithunzi zambiri zooneka ngati za m'nkhungu zimayamba pamenepa.

Caciwiri, sankhani kuwala. Dzuwa la m'mawa ndi la madzulo ndilo labwino. Ngati mwambo uli masana, imikani anthu mumthunzi wa khonde kapena wa mtengo wa masamba ogwirana, nkhope zao zitapenya kumene kukucokera kuwala. Kenaka gwirani ndi cala pa nkhope ya munthu pa galasi la foni, kuti kamera iyeze kuwala pa nkhopepo.

Cacitatu, senderani pafupi ndi miyendo yanu. M'mafoni ambiri kukoka cithunzi ndi zala kumangokulitsa timadontho tomwe tija, osaonjezapo kanthu.

Cacinai, gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira pa nthiti, makamaka kukayamba kuda.

Cacisanu, yang'anani kumbuyo kwa munthu musanadine. Kusuntha mapazi awiri kuti cimbudzi kapena mtengo wooneka ngati wamera pamutu pake usalowe m'cithunzi nkwapafupi kuposa kulimbana nazo pambuyo pake. Ndipo dekhani kufikira mwana aseke kapena agogo atukule maso, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Cacisanu ndi cimodzi, mukakonza sungani cithunzi coyamba cija osacifafaniza. Dziwaninso kuti WhatsApp imacepetsa zithunzi pozitumiza, motero cimene mufuna kukatsukitsa ku tauni citengeni m'foni imene inajambula.

Tsono pa funso lathu lija tinganene kuti mbali zonse ziwiri ziri ndi malo ake, koma sizilingana kukula. Kukonza kuli ngati mcere m'ndiwo. Ndiwo zophikidwa bwino zimakoma koposa mukathira mcere wokwanira, koma ndiwo zopserera mcere sungazipulumutse, ndipo ukaculuka umaononga ngakhale zabwino zomwe. Amene afuna cithunzi cimene ana ake adzacisunga, ndiponso cimene mlangizi kapena wogula angacikhulupirire, ayambe wacita nchito yake asanadine, monga anali kucitira wa panjinga uja. Akulu-akulu anati m'mera mpoyamba.