Vinyo wa mabanja ndi mbiya zathu: chimachitika n'chiyani mowa ukamawira?

Chaka chikamatha, mango ku Mualadzi amapsa nthawi imodzi, ambiri n'kuwolera pansi pa mitengo. Masuku nawo amangoti mbwee m'tchire, ndipo kumunsi kotentha cha ku Tete, miyezi yozizira, ndi masau. Alipo amene amafunsa ngati zipatso zimenezi sizingasanduke vinyo wa m'botolo ngati amene amaoneka m'masitolo a m'tauni. Zingatheke ndithu, koma wofuna kuyesa ayambe wadziwa zimene mabanja opanga vinyo akhala akuphunzitsana kwa mibadwo.

Ku Tuscany, m'dziko la Italy, banja la Antinori lakhala pa ntchitoyi kuyambira 1385, mibadwo 26. Ku South Africa vinyo woyamba anafinyidwa mu 1659, ndipo munda wa Meerlust, pafupi ndi Stellenbosch, uli m'manja mwa banja la Myburgh kuyambira 1756. Kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira, choncho mphesa zimapsa padzuwa louma. Kuno mvula imabwera pamodzi ndi kutentha, chinyezi n'kubweretsa chuku pa masamba ndi pa zipatso. Banja la a Ngwira ku Lilongwe, eni ake a Linga Wine, linatenga njira ina: vinyo wawo ndi wa jambula, gwafa, mapichesi, mabulosi ndi chidede.

Chimene mabanjawa amasiyirana, kuposa munda, ndi luso lolamulira kuwira. Pa khungu la chipatso pamakhala yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso. Yisiti amadya shuga, n'kutulutsa mowa ndi mpweya umene umachititsa thovu. Mphesa zakupsa zimakhala ndi shuga wochuluka, magawo 20 mpaka 25 pa 100 alionse, pomwe zipatso zina zambiri zimafunika kuwonjezera shuga. Mowa ukafika cha pa magawo 15 pa 100, yisiti amalephera kupitiriza, ndiye vinyo wamba amathera pakati pa 11 ndi 14. Louis Pasteur wa ku France ndiye anasonyeza, m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, kuti kuwira ndi ntchito ya tizamoyo, ndiponso kuti vinyo akasasa, olakwa ndi tizamoyo tina timene talowerera. Mabakiteriya ena akapeza mpweya amasandutsa mowa kukhala viniga. Choncho wopanga wodziwa ntchito amatsuka chiwiya chilichonse, amataya chipatso chowola, amayeza shuga, ndipo amatseka chigubu n'kusiya kapayipi kolowa m'madzi kuti mpweya uzituluka koma usabwerere.

Kusasa n'kochepa poyerekeza ndi zimene chigawo chathu cha Tete chinaona. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu anamwa mowa wa phombe pochokera ku maliro. Anthu 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi amene anafulula, ndipo onse amene anadwala anapitirira 230. Mphekesera inathamangira ndulu ya ng'ona. Koma atayeza mowawo m'malabotale anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, amene amapangidwa ndi bakiteriya wa Burkholderia gladioli. Bakiteriyayo anali mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira. Poizoniyu alibe fungo, samveka pa lilime, ndipo satha mphamvu ngakhale mowa uphikidwe. Amatsekereza timagawo ta thupi kupanga mphamvu, n'kuwononga chiwindi, impso ndi ubongo. Mankhwala omuthetsa kulibe.

Nkhani ya ku Chitima iyenera kutipweteka mpaka lero, chifukwa maganizo amene anabweretsa tsokali ali m'makomo ambiri: ufa ukaonongeka moti sungaphikidwe nsima, timati upite ku mowa. Munthu amachita zimenezi pokana kutaya chakudya chimene anachivutikira m'munda, ndipo n'zomveka. Komabe ufa wonyowa, wachuku kapena wonunkha suyenera kulowa mu mbiya, kaya ndi ya mowa kaya ya thobwa limene ana amamwa.

Zipatso zili ndi vuto lawolawo. Zimakhala ndi pectin, amene akamaphwanyika amatulutsa methanol. Mu vinyo wopangidwa bwino methanol amakhala wochepa kwambiri. Potcheza kachasu, mowa umawonjezeka mphamvu ndipo zoipa zimatha kuchuluka nawo, koma ngozi yaikulu imabwera wogulitsa akathiramo sipiriti wa m'mafakitale wokhala ndi methanol kuti mowa ukhale waukali. Thupi limasandutsa methanol kukhala asidi amene amaononga mtsempha wa maso. Mamililita 10 okha a methanol weniweni angathe kuchititsa khungu. Zizindikiro zimachedwa, nthawi zambiri maola 12 mpaka 24, ndiye munthu amayesa ndi matsire.

Tisanamizanenso kuti vinyo wa m'botolo ndi mankhwala a mtima kapena owonjezera magazi chifukwa choti ndi wofiira. Mowa uli pa gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti palibe mlingo wa mowa umene ulibiretu chiopsezo. Minda ya mphesa ya ku Cape, ku South Africa, ilinso ndi mbiri yowawa: kwa zaka zambiri antchito ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro, ndipo mpaka pano derali lili m'gulu la madera amene ali ndi ana ambiri obadwa ndi vuto la ubongo chifukwa cha mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera. Mayi wapakati asamwe ngakhale pang'ono.

Inu amene mumafulula, yang'anitsitsani chimera, ufa ndi zipatso musanayambe, ndipo musathiremo china chilichonse chokolezera ukali. Inu amene mumamwa, mukaona anthu angapo amene anamwera pamodzi akusanza, akumva m'mimba, akupuma movutikira kapena akuona mwachimbuuzi, musadikire kuti kuche. Thamangirani nawo kuchipatala, tengani mowa wotsalawo kuti ukayezedwe, ndipo uzani ena onse asiye kumwa.