Njere za bonongwe pa chakudya cha nkhuku

Ambirife bonongwe timamudziwa ngati ndiwo zamasamba. Komatu pali mtundu wina wa bonongwe umene amaulimira njere zake zoyera. Njerezi zingatithandize kudyetsa nkhuku pamene soya wakwera mtengo.

Muli chiyani m'njerezi?

Pa makilogalamu 100 a njere za bonongwe, makilogalamu 14 mpaka 16 ndi zomanga thupi, pamene m'chimanga ndi 8 kapena 9 okha. Mulinso lysine wambiri. Lysine ndi gawo la zomanga thupi limene limaperewera m'chimanga ndi m'madeya, ndipo nkhuku zikamusowa zimakula mochedwa.

Musadyetse zosaphika

Njere zosaphika zili ndi zinthu zina zimene zimalepheretsa nkhuku kugaya bwino chakudya m'mimba. Moto umachepetsa mphamvu ya zinthuzi. Choncho mukapuntha ndi kupeta, kazingani njerezo, kapena ziwiritseni n'kuziyanika mpaka ziume. Kenako zigayitseni musanasakanize ndi madeya.

Dziwani kuti soya ali ndi zomanga thupi zoposa kawiri za bonongwe. Bonongwe amangochepetsa soya wofunika kugula, koma salowa m'malo mwake kotheratu. Yambani ndi muyezo umodzi wa bonongwe pa miyezo 10 ya chakudya.

Tiyesere limodzi

Gawani anapiye a msinkhu umodzi m'magulu awiri. Gulu lina lidye chakudya cha masiku onse, linalo chosakaniza ndi bonongwe wokazinga. Muziwayeza pa sikelo sabata iliyonse ndi kulemba ndalama zimene mwagwiritsa ntchito. Pakatha milungu 6, tidzakambirane zimene mwapeza.