Za Matumbo Okwera M'chifuwa

Abale athu a ku Mchinji, amene anasendapo mbuzi audziwa mnofu wopyapyala uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Ifenso tili nawo, ndipo chiwindi chigona pansi pake. Munthu akachitidwa opaleshoni ya chiwindi, mnofuwo, ngakhale sikawirikawiri, ungathe kubooka patapita miyezi kapena zaka, bala litapola kale. Pamenepo matumbo akwera m'chifuwa napanikiza mapapo, ndipo akapanika pobookapo aola. Chifukwa chake tikupemphani, wotere akayamba kubanika, kusanza ndi kumva kuwawa m'nthiti za kumanja, musamtemere mphini. Fulumirani naye kuchipatala, ku Guilleme kapena ku Boma, mukawauze madokotala za opaleshoni yakaleyo, kuti amtumize ku Kamuzu Central, ku Lilongwe, akamuunike ndi kumsoka.