Bazaruto: zilumba za mchenga zimene ndi zanunso

Ngati mumakhala ku Metangula, ku Ulongwe kapena ku Milange, mwina nyanja ya mchere simunaionepo. Lero tiyeni tipite kummwera, ku chigawo cha Inhambane. Mukaima pagombe la Vilankulo n'kuyang'ana kum'mawa, muona zilumba zoyera patali. Kumeneko ndi ku Parque Nacional do Arquipélago de Bazaruto, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1971.

Pakiyi ili ndi zilumba zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,430, ndipo gawo lalikulu ndi madzi.

Mapiri a mchenga

Kwathu kuno phiri ndi la miyala. Ku Bazaruto phiri ndi la mchenga wokhawokha. Mafunde amatula mchenga pagombe la kum'mawa, mphepo n'kuuunjika. Pa zaka zambirimbiri milu ija inakula n'kuposa mtengo wa mlambe kangapo. Mukakwera pamwamba, phazi limamira, ndipo mumaona nyanja mbali zonse ziwiri.

Mapiriwa amayenda. Mphepo imanyamula mchenga mbali ino n'kukautaya mbali inayo. Chimene chimaugwira ndi mizu ya udzu ndi zitsamba. Udzuwo ukatenthedwa, kapena mbuzi zikaudya wonse, mchenga umamasuka n'kukwirira minda ndi madambo.

Madzi abwino pakati pa mchere

Kuseri kwa mapiriwo kuli maiwe a madzi opanda mchere. Mvula ikagwa, mchenga umamwa madzi ngati thonje, kenako n'kuwatulutsa pang'onopang'ono m'munsi. M'maiwemo muli ng'ona, zofanana ndi za mu Zambezi. Mungafunse kuti, kodi ng'ona zinafika bwanji pachilumba? Akatswiri amati kalekale zilumbazi zinali zolumikizana ndi mtunda. Madzi a m'nyanja atakwera, anadula malowo, ng'ona n'kutsalira komweko.

Dimba la pansi pa nyanja

Nyanja ya mchere ili ndi khalidwe limene Nyanja ya Niassa ilibe. Kawiri pa tsiku madzi amadzaza, kawirinso amaphwa. Akaphwa, pakati pa zilumba ndi mtunda pamaoneka mchenga woyera, ndipo amayi amapita kukatola nkhono ndi nkhanu.

M'madzi osaya amenewa mumamera udzu wa m'nyanja. Udzuwu ndi mobisalamo tiana ta nsomba. Ndiwonso chakudya cha nyama yotchedwa dugongo. Dugongo amakhala m'madzi moyo wake wonse, koma amapuma mpweya ngati inu, ndipo amayamwitsa mwana wake. Wamkulu amatalika pafupifupi mamita atatu. Amabereka mwana mmodzi, n'kutha zaka zitatu kapena kuposerapo asanaberekenso.

Kale nyamazi zinali zambiri m'gombe la kum'mawa kwa Africa. Lero gulu lalikulu lotsala lili ku Bazaruto, ndipo ndi mazana ochepa chabe. Dugongo akakodwa mu ukonde amalephera kukwera pamwamba kukapuma, ndipo amafa. Mayi mmodzi akafa chotere, pamatenga zaka kuti malo ake atsekeke.

Chakunja kwa zilumba kuli matanthwe a korali, omangidwa ndi tizilombo tating'ono ta m'nyanja. Nsomba zamitundumitundu zimakhala m'menemo. Akamba a m'nyanja amabwera usiku kudzaikira mazira mumchenga, ndipo m'miyezi yozizira anamgumi amadutsa ndi ana awo.

Chishango cha gombe

Mukukumbukira namondwe Freddy wa mu 2023? Asanafike ku Zambézia mu March, anayamba wagunda dera la Vilankulo mu February. Mu 2007 namondwe Favio anawononganso tauni yomweyi. Kumalo otere, zilumba, matanthwe ndi milu ya mchenga zimathyola mphamvu ya mafunde asanafike m'midzi. Zikawonongeka, mafunde amapeza njira yotseguka.

Zikukukhudzani bwanji?

Pazilumbazi pamakhala mabanja ambiri a asodzi. Kuyambira mu 2017, bungwe la boma la ANAC limayendetsa pakiyi pamodzi ndi bungwe la African Parks. Alendo amalipira polowa, ndipo lamulo limati gawo lina la ndalamazo lipite kwa anthu a m'deralo.

Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 90, amapatsa nzika iliyonse ufulu wokhala m'chilengedwe chabwino. Ndime yomweyo imaipatsanso udindo wochiteteza. Choncho Bazaruto ndi wanu, ngakhale simunapondeko. Udindowo umayambira pamene muli. Ukonde wa maso ang'onoang'ono umatha nsomba ku Inhassoro, umathanso usipa ndi chambo ku Lago. Moto wolusa umamasula mchenga ku Benguerra, umakokololetsanso nthaka ku Angónia.

Kambiranani m'kalasi

Kodi kwanuko ndi chomera chiti chimene chimagwira nthaka m'mbali mwa mtsinje kapena nyanja? Kodi chikadalipo chochuluka ngati mmene zinalili muli ana? Lembani dzina lake m'kope, ndipo mufunse anyakwawa kuti mudzi unagwirizana zotani pochisunga.