Bango la pagombe ndi njira ya boti lopulumutsa anthu

Nsomba zouma zimene amayi amagula pamsika wa Ulongwe zambiri zimachokera kunyanja imene anthu ochuluka a kuno ku Angónia sanaiponde, ija anzathu a ku Malawi amati Nyanja ya Malawi ife nkumati Niassa. M'magombe a nyanjayo muli mkangano wa bango. Eni malo ogona alendo amafuna mchenga woyera wopanda chomera, asodzi amafuna pokokera makoka, akatswiri a zachilengedwe akuti bango lisakhudzidwe. Funso limene limakumbukika pokhapokha ngozi ikagwa ndi lakuti boti lokapulumutsa anthu lidzatulukira pati, nanga lidzakocheza pati. Yankho lake silifuna gombe lonse. Lifuna mpata umodzi wodziwika, wolambulidwa chaka chonse, ndipo bango la mbali zonse ziwiri lisiyidwe.

Kufunika kwa mpatawo sikokanika. Mwera ukaomba pakati pa May ndi August, nyanjayi imasanduka chilombo. Mu July 1946 sitima ya Vipya idamira chakumpoto, anthu 145 nkutsikira kulichete. Ilala, imene idayamba kuyenda mu 1951, yakhala zaka zambiri ikuima patali m'malo opanda doko lomanga, monga ku Nkhotakota ndi ku Chizumulu, nkumatsitsa anthu, matumba a chimanga ndi odwala pa maboti ake opulumukira pangozi. Boti lotere likafika usiku, mafunde akulikankha, woyendetsa ayenera kudziwa polowera mosayerekeza. Bango likatseka polowerapo, kapena udzu wa m'madzi ukakulunga injini, mphindi zimene zikanapulumutsa munthu zimathera pa kupalasa ndi kukankha. Amene amaletsa kudula ngakhale phesi limodzi sadaganizirepo za mayi wodwala pakati akunyamulidwa usiku kupita naye kuchipatala cha tsidya lina.

Koma boti ndi lopapatiza, ndipo njira yake ndi mamita ochepa chabe. Chimene chakhala chikuchitika m'mbali za Mangochi ndi Salima nchosiyana: gombe lathunthu kulimetedwa mpala kuti alendo aothere dzuwa. Mtengo wa kumetako akuulipira ndi chambo. Nsomba iyi imasunga mazira ndi ana m'kamwa, kenaka imakawasiya m'madzi osaya momwe muli bango ndi udzu, kuti abisale ndi kudya mpaka atakula. Tiana timeneti, kasawala, tikasowa pobisala timagwera m'kamwa mwa nsomba zinzake kapena m'maneti a udzudzu amene ena asandutsa makoka. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe la IUCN lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi, nkupeza kuti 9 pa 100 iliyonse ili pangozi yaikulu yotheratu, ndipo mitundu itatu mwa inayi ya chambo idaikidwa m'gulu la zotsala pang'ono kuzimirira. Chifukwa chachikulu ndi kupha mopyola muyeso, inde, koma kutseka nyanja mu November ndi December kuti chambo chiswane kulibe phindu ngati ana obadwawo alibe kokulira. Mizu ya bango imagwiranso dothi ndi kusefa matope otsika m'mapiri. Alimi a madimba kuno kwathu akudziwa chimene mtsinje umachita ukalimidwa mpaka m'milomo.

Otsutsa ali ndi mfundo yolimba: m'bango mumabisala ng'ona ndi mvuu, mumaswana udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo. Za ng'ona nzoona, ndipo nchifukwa chake malo otungira madzi, ochapira ndi okochezera ayenera kukhala oyera, oonekera patali. Za likodzo zokha nkhani ili ndi mbali ina. Ku Chembe, pa Cape Maclear, komwe gombe lake ndi mchenga wautali, matendawa adakula kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Kafukufuku wa Jay Stauffer wa ku Penn State ndi Henry Madsen wa ku Denmark adasonyeza kuti nkhono yotchedwa Bulinus nyassanus, imene imakhala pamchenga poyera, nayo imafalitsa likodzo, ndipo idachuluka pamene nsomba zodya nkhono zidachepa chifukwa cha makoka okokera pagombe. Choncho mudzi ukhoza kupsereza bango lonse koma ana nkumakodzabe magazi.

Ena akuti kulemba malire a mpata nkutaya nthawi chifukwa nyanja siikhala pamalo amodzi. Mu 2024 madzi adakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, msinkhu umene anthu anali asadauone kwa zaka makumi angapo, ndipo adalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Zimenezi zikungotanthauza kuti mpata uyambire kumtunda, pamsewu pomwe galimoto ya odwala ingaime, nkutsika molunjika mpaka m'madzi akuya, ndipo zikhomo zake ziziunikidwa chaka chilichonse mvula ikatha. Kumtundako nkomwe kuli chotchinga chenicheni, ndipo si chomera ayi. Ndi mipanda ya njerwa ya eni mapuloti, yondandana kotero kuti mudzi wonse umatsala ndi kanjira kamodzi kopita kunyanja. Nzodabwitsa kuti mlandu wotseka njira umagwera bango, pamene mpanda womangidwa mpaka m'madzi palibe amene amaufunsa.

Otsala ndi oyang'anira, ndipo alipo kale. Ku Malawi makomiti a pagombe adayambira ku Nyanja ya Malombe mu 1993, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 lidatsegula njira yoti midzi itengepo mbali posamala nsomba. Mbali ya kwathu, ku Metangula, Cobue ndi Meponda, kuli makhonsolo a asodzi, ndipo mu 2011 boma la Mozambique lidaika gawo lake la Nyanja ya Niassa kukhala malo otetezedwa, olembedwanso m'pangano la Ramsar loteteza madambo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'ma 1950, asodzi nkumamvera popanda mfuti. Mfumu imene ingathe kuchotsa asodzi onse pachilumba kwa miyezi ingapo ingathenso kulamula kuti pakati pa zikhomo ziwiri pasaumikidwe ukonde, pasagone bwato, ndipo kunja kwa zikhomozo chikwanje chisalowe. Chovuta chili pa eni mapuloti, amene mapepala awo a malo adasainidwa ku boma, kutali ndi bwalo la mfumu. Amenewo angawakakamize ndi khonsolo ya boma yokha, pokana kuvomereza pulani ya nyumba iliyonse yosasiya njira yopita kumadzi.