Amisiri osaka waya ndi khutu

Mvula ikangoyamba, amisiri a matelefoni a m'nyumba ntchito imawachulukira. Madzi amalowa molumikizira mawaya, kopa n'kuchita dzimbiri, ndipo lamya ya pagolosale kapena ya pachipatala imangoti zii. Kusiling'i nako makoswe saleka kutafuna nthambo.

Kulumikiza waya woduka sikuvuta. Chothetsa nzeru n'kumupeza. Telefoni iliyonse imayendera mawaya awiri opotana, luso lomwe Alexander Graham Bell analembetsa mu 1881, ndipo nthambo imodzi imatha kunyamula mawaya awiriawiri okwana 25, 50 ngakhale 100. Mawayawa ali ndi mitundu yawo, koma fumbi ndi kukalamba zimaifufutitsa. Mmisiri wongoganizira akhoza kudula lamya ya mwini sitolo woyandikana nayo, mlandu n'kubuka.

Apa mpomwe mmisiri amasolola tizipangizo tiwiri toyendera mabatire, tomwe pa Chingerezi amati toner ndi probe. Koyamba n'kabokosi kokhala ndi zopanira zonga mano a ng'ona. Amakapanitsa ku mawaya a telefoni yovutayo ndipo kamatumiza kaphokoso m'wayamo. Kachiwiri n'konga cholembera chonenepa chokhala ndi sipika. Mmisiri amapita nako kubokosi komwe mawaya onse amakumana n'kumakayendetsa pamwamba pawo, osasenda ndi mmodzi yemwe. Kakayandikira waya wofunikayo, kamalira kuti tiyu-tiyu-tiyu.

Komatu khutu limanamiza. Kaphokosoka kamadumphira m'mawaya oyandikana, moti angapo amalira nthawi imodzi. Wodziwa ntchito amachepetsa voliyumu n'kusankha polira kwambiri, kenako amagunditsa mawaya awiriwo. Kulira kukatha, ndiye kuti wapeza enieniwo. Ophunzira ambiri amathamangira kudula asanachite zimenezi, ndipo mawa lake amabwereranso pamalopo mwamanyazi.

Posaka poduka, mmisiri amalondola nthambo m'mbali mwa khoma kapena kusiling'i akumvetsera. Pomwe kulira kwazilala mwadzidzidzi, vuto lili pafupi pomwepo. Mwini nyumba amapulumuka: m'malo mophwasula siling'i yonse, amangochotsa bolodi limodzi.

Ntchitoyi ili ndi zoopsa zake. Waya wa telefoni amakhala ndi mphamvu ya mavoti pafupifupi 48, ndipo foni ikamaitana imakwera kufika cha m'ma 90, yokwanira kumudzidzimutsa munthu ali pamakwerero. Kupanitsa kabokosika ku waya wa magetsi a 230 ndiye n'kuika moyo pachiswe.

Pomwe kampani ya MTL inkakhazikitsidwa mu 2000, mafoni a m'manja anali a anthu ochepa. Lero afika mpaka kumudzi ndipo lamya za m'nyumba zatsala zowerengeka. Koma tizipangizoti sitinapume. Achinyamata omwe amayala nthambo za intaneti m'mabanki, m'masukulu ndi m'maofesi a pa boma amayenda nato m'zikwama, chifukwa yemwe anayala nthambozo poyamba nthawi zambiri sanalembe kuti iyi ikupita chipinda chiti.