Chifukwa Chiyani Dzanzi Limayambira Kumapazi?

Dandaulo ili silisowa m'zipatala zathu, kaya pa Namitambo, kaya ku Nguludi, kaya pa chipatala chachikulu cha Chiradzulu: munthu akuti mapazi akumutentha usiku wonse mpaka amagona atawatulutsa kunja kwa bulangete, masana ali dzanzi, patapata akuvuka panjira mwiniwake osamva. Kumudzi sachedwa kunena kuti anaponda mankhwala. Koma mutamufunsa bwino kuti vutoli linayambira pati, aloza zala zakumapazi, kuwiri konse, n'kunena kuti lakhala likukwera pang'onopang'ono kulinga mu akakolo. Siliyambira paphewa kapena pamimba. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka maselo onyamula mauthenga m'thupi, amene asayansi amawatcha manyuroni.

Selo lotalika mita yathunthu

Mitsempha imene tikukamba pano si ya magazi ija anamwino amaisakasaka pamkono. Iyi ndi mitolo ya timaulusi toyera, ndipo kaulusi kalikonse ndi mbali ya selo limodzi. Nyuroni ili ndi thunthu, ili ndi tinthambi tambirimbiri tolandirira mauthenga, ndiponso ulusi umodzi wotumizira, wotchedwa axon.

Mu ubongo mokha muli manyuroni pafupifupi 86 biliyoni, ambiri mwa iwo aafupi kwambiri. Koma selo limene limagwedeza chala chachikulu chakuphazi lili ndi thunthu lake mumsana, ndipo ulusi wake umatsetsereka mwendo wonse, mtunda wa pafupifupi mita imodzi kwa munthu wamkulu. Zambiri zofunika kunsonga kwa ulusiwo zimapangidwa kuthunthu, n'kuyenda ulendo wonsewo. Ndi maselo ochepa okha okhala ndi chintchito chodzisamalira ngati limeneli.

Magetsi ochokera mu mchere

Selo lili m'madzi, ndipo m'kati mwake mulinso madzi. Chosiyanitsa ndi mchere. Kunja kwachuluka sodiyamu, yemwe uja wa mumchere wa ndiwo. M'kati mwachuluka potaziyamu, amene timamupeza mu nthochi, nyemba ndi mbatata. Sizinangochitika zokha. Pakhungu la selo pali timapampu tosagona, totulutsa tizidutswa 3 ta sodiyamu n'kulowetsa 2 ta potaziyamu, usana ndi usiku. Anatulukira pampuyi ndi Jens Christian Skou wa ku Denmark mu 1957.

Tizidutswa timeneti tili ndi mphamvu ya magetsi. Popeza potaziyamu wina amadontha kutuluka pomwe sodiyamu watsekeredwa kunja, m'kati mwa selo mumakhala motsika ndi mamilivoti pafupifupi 70 poyerekeza ndi kunja. Ndi magetsi ochepetsetsa, osayatsa ngakhale babu la tochi, koma kuwasunga n'kodula. Ubongo ndi magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, komabe umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zonse za thupi likamapuma, ndipo gawo lalikulu limathera pa timapampu timeneti. N'chifukwa chake shuga akatsika kwambiri m'magazi munthu amayamba kubwebweta, mwina mpaka kukomoka.

Minga ikabaya

Tiyerekeze mwaponda minga kudimba. Nsonga ya ulusi wa pakhungu yasokonezeka, ndipo sodiyamu pang'ono walowa. Akalowa wochepa, palibe chochitika. Koma magetsi a m'kati akakwera kufika cha m'ma 55 pansi pa ziro, tizitseko ta sodiyamu tambirimbiri timatseguka nthawi imodzi. Sodiyamu amakhamukira m'kati, magetsi n'kulumpha kufika cha m'ma 30 pamwamba pa ziro. Pomwepo tizitsekoto timadzitseka, ta potaziyamu n'kutseguka, potaziyamu n'kutuluka, selo n'kubwerera mwakale. Zonsezi zimatha m'gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000 a sekondi.

Nanga uthengawo umasuntha bwanji? Umayenda ngati moto wa lupsa pa udzu wouma mu Okutobala. Pamene pakuyaka pamayatsa poyandikana napo, apo n'kuyatsa patsogolo, ndipo moto sufika kutali utazilala, chifukwa malo alionse akuyaka ndi udzu wawo. Subwereranso m'mbuyo, pakuti kumeneko kwapsa kale. Mu ulusi wa nyuroni namonso, tizitseko tikangotseka timafuna kamphindi tisanatsegukenso, ndiye uthenga umangolowera mbali imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti udzu umadikira mvula, pomwe ulusi umakhala wokonzekanso sekondi isanathe n'komwe.

Uthenga ulionse mu ulusi umodzi ndi wofanana kukula. Ubongo umasiyanitsa kukanda kwa udzu ndi kubaya kwa minga powerenga kuti akubwera angati pa sekondi, ndiponso akudzera m'maulusi ati.

Amene anafotokoza zonsezi mwatsatanetsatane ndi Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley mu 1952. Ankagwira ntchito ku Plymouth, ku England, pa nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid, imene ili ndi ulusi wonenepa moti ankatha kulowetsamo kawaya koyezera. Analandira mphoto ya Nobel mu 1963. Jakisoni wa dzanzi amene amakubayani pozula dzino kapena posoka bala, lignocaine, amangotseka tizitseko ta sodiyamu tomweti. Bala lilipo, koma uthenga wake sukunyamuka.

Ululu umafika kawiri

Amene anadzitemapo ndi khasu akudziwa: pamayamba ululu wakuthwa, kenako patapita kamphindi pamabwera wina wowawa mophwanya, wosatha msanga. Awa ndi maulusi awiri osiyana. Ena ndi okutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, okhala ndi timipata apo ndi apo, ndipo uthenga umalumpha kuchoka pa kampata kupita pa kena. Onenepa kwambiri a mtundu umenewu amafika mamita 120 pa sekondi. Ena ndi osakutidwa, ndipo amakwawa pa liwiro la mita imodzi kapena awiri pa sekondi. Kuchokera kuphazi kukafika kumutu, ochedwawa amatenga sekondi yathunthu.

Phazi lokha silidikira zonsezo. Uthenga ukangofika mumsana, maselo a momwemo amalamula mwendo kuti unyamuke, ubongo usanadziwe kuti kwagwanji.

Pampata pakati pa maselo

Manyuroni sagundana. Mfundoyi anailimbikira Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene anapata Nobel mu 1906. Pakati pa selo ndi linzake pali kampata kochepetsetsa kotchedwa synapse. Uthenga ukafika kunsonga, kashiamu amalowa, timatumba timatsanulira mankhwala m'kampatako, mankhwalawo n'kukatsegula tizitseko ta selo lotsatira. Otto Loewi anatsimikiza zimenezi mu 1921 ndi mitima iwiri ya achule. Mankhwala ena amauza selo lotsatira kuti liyake, ena amaliletsa, ndipo selolo limaphatikiza zonse lisanachite kanthu. Zoletsazi zikachepa mphamvu, maselo ambiri a mu ubongo n'kuyaka pamodzi mosalamulirika, ndiye khunyu limenelo. Silipatsirana kudzera m'malovu kapena mpweya, ndipo mankhwala monga phenobarbitone ndi carbamazepine amalichepetsa.

Pakati pa mtsempha ndi mnofu, mankhwala otumidwa ndi acetylcholine, ndipo akamaliza ntchito amayenera kuphwanyidwa msanga. Apa ndi pamene Actellic wothira m'chimanga amaphera anankafumbwe: amalepheretsa kuphwanyako, uthenga n'kumangobwerezeka mpaka kachilombo kufa. Mitsempha yathu imagwiritsa ntchito acetylcholine yemweyo. Munthu amene mankhwala a mtundu umenewu amulowa ochuluka amachucha dovu ndi thukuta, mboni za m'maso zimachepa, minofu imanjenjemera, kupuma kumavuta. Ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala, osati womwetsa mkaka. Ndimadabwa ndikaona anthu akusakaniza fumbi la Actellic ndi manja osavala kanthu, ana ali pomwepo pamkeka.

Zimene Chiradzulu inaona

Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV aulere m'boma la Chiradzulu, zaka zitatu ndondomeko ya dziko lonse isanayambe mu 2004. Pambuyo pake thandizoli linafika m'zipatala zing'onozing'ono, kuphatikizapo Namitambo. Anthu amene anali atagonekedwa pamphasa anadzuka n'kubwerera kumunda. Zimenezi zisaiwalike.

Koma m'mapiritsi a nthawi imeneyo munali stavudine, amene amafooketsa tinthu topanga mphamvu m'maselo, totchedwa mitochondria. Mphamvu ikachepa, oyamba kuvutika ndi maselo aatali aja, ndipo amayamba kufota kunsonga, kutali ndi thunthu. Ulusi wovulala umachita ziwiri: umalephera kunyamula uthenga weniweni, ndiye dzanzi, umayakanso wokha popanda choyatsa, ndiye kutentha ndi kubayabaya kuja. Ubongo ulibe njira yodziwira kuti uthengawo ndi wabodza. Munthu akati mapazi akupsa, sakunama.

Dziko la Malawi linayamba kusiya stavudine mu 2011, poyambira amayi oyembekezera, ndipo kuyambira 2013 enanso anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi tenofovir. Koma dandaulo la mapazi silinathe, pakuti zoyambitsa zina zilipobe: matenda a shuga, kachasu wa tsiku ndi tsiku, kusowa kwa mavitamini a gulu la B, kachilombo ka HIV komweko, ndiponso isoniazid wa TB. Kapiritsi kakang'ono ka pyridoxine kamene amapereka pamodzi ndi isoniazid ndi koteteza mitsempha, si kongowonjezera.

Mtsempha wa m'mwendo kapena m'dzanja umatha kuphukanso, koma mwaulesi: wodulidwa umakula pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo wowonongeka kwa zaka zambiri nthawi zina subwereranso. Choncho dzanzi likangoyamba kuzala, kawauzeni adokotala mwezi womwewo, ndipo mupemphe kuti akuyezeni shuga. Musasiye nokha ma ARV kapena mankhwala a TB. Ngati mapazi achita kale dzanzi, musayende opanda nsapato, musawayandikize ku mbaula, ndipo madzulo alionse muziwayang'ana kunsi ndi pakati pa zala ngati pali bala.